Namondwe Amene Ndinamuchotsa Panyanja ndi Pakamwa

Ndinanamiza apongozi anga kuti namondwe wachoka panyanja, iwo nkudzala nsawa zawo zomaliza, mbewu yonse nkupsera m'nthaka. Mabanja ena asanu ndi awiri anadzala nawo tsiku lomwelo chifukwa cha mawu anga. Ndinali nditaledzera masiku anayi otsatizana. Nkhani yanga ndi imeneyo, abale ndi alongo. Zotsalazi ndikungofotokoza mmene munthu amafikira pamenepo, ndi mmene ndavutikira kuti mawu anga akhalenso mawu pamudzi umene ndikukhala.

Dzina langa ndine Wedisoni Banda. Kwathu ndi ku Vubwi, koma ndinakwatira ku Katete, mudzi wina kufupi ndi Mkaika, ndipo ndili pa chikamwini. Akulu a mpingo kuno ku Sinda andipatsa mphindi makumi awiri. Sindipitirira, poti ntchito ndinaphunzirira kunyuzipepala ku Lusaka, kumene mkonzi ankadula ndi lumo chilichonse chotalika. Kumeneko ndinatengako zinthu ziwiri: kuyamba ndi mfundo, ndi kumwa dzuwa lili pamutu.

Chitaganya cha maiko atatu chija chitangoyamba kumene ndinabwerera kuno, ndipo ndinapeza ntchito ya ukalaliki wa zanyengo pa munda wina woyeserapo mbewu. Ntchito yake inali yochepa koma yosalola kuchedwa. Eyiti koloko m'mawa uliwonse, ndi Lamulungu lomwe, ndinkatsegula geji ya mvula, chitini chamkuwa chokhala ndi fanulo pamwamba, nkuyeza madzi ogweramo. Ndinkawerenga kutentha m'kabokosi koyera konga khola la nkhunda. Kenako ndinkalowa mu ofesi kukawerenga balomita, galasi lalitali loyezera kulemera kwa mpweya. Manambala onsewo ndinkawatumiza pa telefoni, nkupita pa lamya ku ofesi yaikulu. Kumeneko anthu ena ankawalemba pa mapu pamodzi ndi ochokera kumalo ena ndi ku zombo za panyanja, nkujambula mizere. Naini koloko telefoni inkalira, iwo nkundiwerengera zimene aona.

Mwina mukudabwa kuti nyanja ikutikhudza bwanji ife amene sitinaonepo chombo. Mverani, chifukwa popanda izi simumvetsa tchimo langa.

Kuseri kwa dziko la Apwitikizi kuli nyanja yamchere, pakati pa gombe lawo ndi chilumba cha Madagasika. Nthawi ya dzinja madzi ake amafunda, ndipo pamadzi ofundawo pamabadwa namondwe. Amazungulira ngati kamvuluvulu, koma kukula kwake nkosayerekezeka, ndipo pakati pake pali malo abata amene amalinyero amati diso. Akaima pamenepo, kawirikawiri amakoka mpweya wachinyontho kuchokera kumtunda kuno. Kumwamba kwathu kumayera, mphepo imauma, kumachita ng'amba. Chakudya chake ndi madzi ofunda, monga moto ndi nkhuni. Tsono akakhotera kummwera amafika pamadzi ozizira, nkukumana ndi mphepo yozizira, ndipo amasintha chibadwa. Diso limatsekeka. Amatambasuka, mvula yake imapendekera mbali imodzi, ndipo amayamba kuthamanga. Sanafe ayi, amalinyero amamuopabe, koma si wathunso. Wausiya mpweya wathu, ndipo pakapita masiku awiri, atatu kapena anayi mvula imabwerera kuno.

Chovuta ndi kudziwa tsiku. Palibe amene amamuona ndi maso. Amadziwika ndi mauthenga a zombo zimene zamudutsa pafupi ndi a pazilumba. Amatha kuyamba kukhota, nkuima, nkubwerera. Uthenga wa dzulo si uthenga wa lero. Ndinkadziwa zimenezi kuposa wina aliyense m'dera lonse la Katete.

Zaka ziwiri zoyamba ndinalosera bwino kawiri konse, anthu nkunditcha aGeji. Ankandiimitsa panjira, pachigayo, pamaliro. Dzinalo linandikomera, ndipo ondifunsa ambiri ankabwera ndi botolo.

Kutsetsereka kwake ndikufotokoza mwachangu, poti ambiri muno mukukudziwa. Kuseri kwa dibi la ng'ombe kunali mayi wina wotcheza kachasu. Poyamba ndinkapitako nditaweruka. Kenako ndikangotumiza manambala. Kenako ndisanatumize. Manja anayamba kunjenjemera, moti kachitsulo kowerengera balomita kankandithawa m'zala. Lolemba lina ndinadzuka teni koloko, ndipo ndinatenga manambala a dzulo lake, nkusintha pang'ono, nkutumiza mochedwa ndi chifukwa chopeka. Palibe anafunsa. Bodza loyambalo linandisowetsa mtendere sabata yathunthu. Lachiwiri linandisowetsa mtendere mpaka masana basi. Pofika mwezi wa Disembala ndinkalemba manambala a masiku atatu pasadakhale, nkusiyira kapitawo wa pamundapo kuti aziwerenga pa telefoni, ndikumuuza kuti ndili ndi malungo. Ndinali ndi luso lake. Ndinkadziwa kuti nambala yothera pa ziro imakayikitsa, choncho zanga zinkathera pa fili kapena seveni.

Chaka chimenecho mvula yoyamba inatinyenga. Anthu anadzala, dzuwa nkuwomba, nsawa zoyamba nkufa. Apongozi anga, amayi a mkazi wanga Esinati, anatsala ndi chikwa chimodzi cha mbewu, chomata bwino ndi dothi. Nthawi yodzala inali kutha. Lachisanu lisanafike Khirisimasi ndinamva ndekha pa telefoni kuti namondwe ali panyanja paja, wayamba kukhotera kummwera, ndipo mwina afika pamadzi ozizira Lolemba kapena Lachiwiri. Mawu akuti mwina ndinawamva bwinobwino. Kenako ndinapita kudibi, ndipo masiku asanu otsatira sindinakhudze telefoni.

Lachiwiri kunagwa kamvula kongonyowetsa fumbi. Esinati anandipeza pakhonde, nditatsamira khoma.

"Amayi akufunsa," iye anatero. "Adzale kapena adikire?"

"Adzale. Chazizira chimphepo chija, chapita."

"Mwamva lero?"

"Ndamva."

"Maso anuwo sakuoneka ngati a munthu amene wamva kanthu."

"Kodi wa zanyengo ndi ndani pano, ine kapena iwe? Kawauze kuti pofika Lachinayi kudzakhala chimvula."

Anapita kukawauza. Sindinaname chifukwa chofuna kuononga. Ndinanama chifukwa aGeji sakanatha kunena kuti sindikudziwa pamaso pa mkazi wawo. Lachitatu apongozi anaswa chikwa. Anansi ataona kuti mayi wa mkamwini wa zanyengo akudzala, nawonso anatulutsa zawo.

Lachinayi ndinakafika ku ofesi. Pa msomali wopachikapo mapepala panali mauthenga asanu amene kapitawo analemba m'malo mwanga. Namondwe sanafike pamadzi ozizira. Anaima Loweruka, Lolemba nkubwerera chakugombe, akadali wofunda, diso lili tong'o. Ndinawerenga kawiri, ndinatuluka panja, ndinayang'ana kumwamba. Kunalibe mtambo ngakhale waung'ono ngati chikhatho. Kodi ndinathamanga kukaulula? Ayi. Ndinapinda mapepalawo, nkuwaika m'thumba, nkulunjika kudibi.

Dzuwa linawomba masiku khumi ndi limodzi. Nsawa zinali zitamwa kamvula kaja, zinafufuma, zinatulutsa timizu, nkupsa.

Apa ndichedwepo pang'ono.

Mukudziwa mwambo wathu. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana. Zaka zisanu ndi chimodzi ndili pamudzi paja, amayi aja anali asananditchulepo dzina. Tikakumana panjira ankapatukira m'udzu, nkuyang'ana kumbali mpaka nditadutsa. Akafuna kundiuza kanthu ankatuma Esinati. Ine wa ku Lusaka ndinkaseka mumtima kuti ndi zachikale. Sindinkadziwa kuti kunali kulemera kwanga konse.

Tsiku la khumi ndi chiwiri, dzuwa lili pamutu, tinali anthu asanu pansi pa mtengo kudibi. Mmodzi anati, "Taonani, si apongozi anu awo?" Ndinacheuka. Ankabwera molunjika, osapatuka, osawerama. Anzanga anayi aja anadzuka ngati aona njoka, wina mpaka anasiya chipewa. Amayi aja anafika, nkukhala pansi patsogolo panga penipeni, pafupi moti mawondo athu anatsala pang'ono kugundana. Kanali koyamba kuona nkhope yawo bwinobwino. Anali ndi chipsera chaching'ono pachibwano chimene sindinkachidziwa.

Anamasula mfundo ya nsalu yawo. Munali nsawa zofukula m'munda, zakuda, zofota, timizu titauma ngati ulusi. Anazikhuthulira m'kapu yanga ya kachasu.

"Iwe Wedisoni," anatero. "Tayang'ana kuno."

Iwe. Ndi dzina lomwe.

"Unamva pa lamya paja kuti chimphepo chapita?"

"Amayi, nkhani za nyengo zimasinthasintha, nthawi zina..."

"Sindinafunse za nyengo. Ndafunsa makutu akowo. Unamva?"

"Sindinamve."

"Nanga bwanji sunanene kuti sunamve? Ine ndalima zaka zambiri wopanda galasi lakolo. Ukanati sindikudziwa, ndikanayang'ana ndekha kumwamba, ndikanafukula dothi ndi chala, ndikanadikira. Kusadziwa sikupha mbewu. Chapha mbewu yanga ndi kudziwa kwakoko."

Anaimirira, nkusasa fumbi pansalu.

"Ndinkakuthawa panjira poyesa kuti mwana wanga anabweretsa munthu wamkulu. Mwana sathawidwa. Kuyambira lero ndizikuitana ngati mmene ndimaitanira mbuzi zanga. Imwa, zisakuzizirire."

Sindinamwe. Ndikanakonda kunena kuti ndinagwada nkupemphera, koma ndalonjeza kunena zoona zokhazokha. Ndinangokhala, kuyang'ana nsawa zikuyandama m'kapu, mpaka mayi wa kachasu anabwera kudzafuna kapu yake.

Ntchito inatha sabata yotsatira. Kunabwera woyendera kuchokera ku ofesi yaikulu, atanyamula mapu. Anandionetsa mizere yawo. Ponseponse inkayenda bwino, koma ikafika pa Katete inkapindika ngati mbedza. Anati kwa mwezi wathunthu wojambula ankaphimba Katete ndi chala kuti asasokonezeke. Kenako anatsegula geji ya mvula, nkupeza mavu atamanga nyumba m'fanulo. Sanakalipe. Anangondipempha makiyi.

Malume a Esinati anafuna kuti ndisudzulidwe, ndibwerere ku Vubwi. Apongozi anakana pamaso pa ankhoswe. Anati, "Kumuthamangitsa nkumupumitsa. Akhale pompano, azilima, anthu azimuona." Ndipo anasunga mawu awo. M'mawa uliwonse mudzi wonse unkamva: "Iwe Wedisoni, khasu lili apo!" Akamwini anzanga ankayang'ana pansi chifukwa cha manyazi anga.

Tsopano inu amene mwabisa manja m'matumba a jekete kumbuyoko, ndakuonani, ndipo ndikudziwa chifukwa chake: akunjenjemera ngati mmene ankachitira anga. Nazi zimene ndinachita. Sindikuti ndi mankhwala, ndikungopereka lipoti.

Ndinayamba ndi mabanja asanu ndi awiri aja, khomo ndi khomo. Sindinanene kuti nyengo inasintha. Ndinati, ndinaledzera, sindinamve uthenga, ndinanama. Bambo wina anandiseka mpaka misozi. Mayi wina anatseka chitseko ndisanamalize. Aliyense ndinamulimira masiku atatu m'munda wa chimanga, ngakhale amene sanandiyankhe. Nsawa sizinabwerere, ndipo chaka chimenecho ana a pamudzi paja anadya ndiwo zopanda nsinjiro chifukwa cha ine.

Njira ya kudibi ndinaisiya. Popita ku Katete ndinkazungulira kumsewu waukulu, ulendo wotalikirapo ndi theka la ola. Masiku anayi oyamba ndinanjenjemera, ndinasanza, ndinaona nyerere pakhoma pamene panalibe nyerere. Esinati ankandimwetsa phala lamadzimadzi osalankhula nane. Ndipo ndinagwanso kamodzi, mwezi wa Juni, pa mowa wokumbukira maliro. Ndinati chipanda chimodzi chaulemu. Ndinadzuka mawa lake m'khola la ng'ombe za eni ake. Kuyambira pamenepo pa maliro ndimakumba manda, ndimanyamula, koma mowa ukamatuluka ine ndanyamuka. Ena amati ndine wamwano. Ndi bwino.

Chimene chinandithandiza kwambiri ndi sitolo ya Che Amidu, Msilamu wochokera ku Nyasalande amene amagulitsa mchere, nsalu ndi palafini m'mbali mwa msewu ku Katete. Ali ndi wayilesi ija yonga sefuliya, ndipo imakoka mauthenga a amalinyero ochokera kugombe, m'Chingerezi, m'mawa uliwonse. Ndinakawapempha kuti ndizimvera.

"Batire ndi langa, makutu ndi anu," anatero. "Koma musanakhudze wayilesi, aBanda, muziyamba mwauzira mpweya kuno."

"Pamaso pa ogula?"

"Kodi kudibi kuja munkamwa mobisala?"

Ndiye m'mawa uliwonse ndimaima pa kauntala, ndimauzira mpweya kumaso kwa munthu wamkulu wa ndevu zoyera, iye nkununkhiza ngati akugula fodya. Tsiku lina anati, "Lero ndi anyezi. Lowani." Amayi ogula mchere amaseka. Manyazi amenewo ndi ochepa poyerekeza ndi aja.

Ndinadzipangiranso geji ndi chitini cha palafini, ndi kabuku. Palibe amene amandilipira. Tsiku limene sindinayeze ndimalemba kuti sindinayeze. Tsiku limene wayilesi inali kungolira phokoso ndimalemba kuti sindinamve. Mzere woyamba wotere unandivuta kulemba kuposa nkhani iliyonse imene ndinalembapo ku Lusaka.

Papita zaka ziwiri, ndipo apongozi akhala akundiitana iwe masiku onsewo. Za nyengo sanandifunsenso mpaka sabata yathayi.

Chaka chino mvula yachedwa, ndipo panyanja paja pali namondwe wina. Lolemba kunagwa kamvula. Lachiwiri ndikuchokera kwa Che Amidu ndinamva mawu kuchokera pankhokwe, mokweza kuti aliyense amve.

"Iwe Wedisoni! Chimphepo chako chija chili pati?"

"Chikadali chofunda, amayi. Chayamba kukhota, koma sichinafike pozizira."

"Chifika liti?"

Anthu anasiya zimene ankachita. Pakamwa panga panali tsiku lokonzeka kale, Lachinayi, chifukwa wa pawayilesi anati mwina. Ndinalimeza.

"Sindikudziwa."

Lachitatu anafunsanso, ndinayankha chimodzimodzi. Lachinayi wayilesi inangolira phokoso, ndipo ndinawauza kuti lero sindinamve kanthu. Anansi ena anayamba kudzala. Mlamu wanga anandinyoza pachitsime: "AGeji a masiku ano ndi otsika mtengo, nambala yawo ndi imodzi yokha, sindikudziwa." Sindinagone tulo tabwino, sindinakhazikike, ndinkangotuluka kukayang'ana kumene utsi ukulowera. Ngati anansiwo alondola, ndiye kuti ndachedwetsa apongozi pachabe, nthawi yodzala ikutha. Lachinayi lomwelo masana miyendo yanga inandifikitsa pamphambano ya kudibi ndisanazindikire. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, kenako ndinabwerera kukapalira chimanga chimene ndinali nditapalira kale.

Lachisanu anafunsa kachinayi, ndinati chikadali pomwepo, tsiku sindikulidziwa. Analowa m'nyumba. Chikwa sanaswe.

Dzulo Loweruka uthenga unamveka bwino. Zombo za kummwera zanena mphepo yozizira kumbuyo kwake. Diso silikutchulidwanso. Watambasuka, ndipo akuthamangira kummwera chakummawa. Ndinapempha Che Amidu kuti nawonso atchere khutu pobwereza, ngakhale Chingerezi amangomva cha manambala. Kenako ndinathamanga mpaka kumudzi. Ndinati, "Amayi, lero ndamva ndi makutu anga. Chazizira, chikupita. Mvula mwina Lachiwiri kapena Lachitatu. Ndati mwina. Musadzale isanagwe."

Lero m'mawa ndikubwera kuno, pa kanjira kotsikira kudambo, ndinaona apongozi akuchokera kuchitsime, ndowa ili pamutu. Ndinakonzeka kumva dzina langa. Titatsala mapazi makumi awiri kuti tikumane, anapatuka, nkulowa m'udzu wonyowa ndi mame, nkuima atayang'ana kumbali. Ndinadutsa nditavula chipewa. Mvula sinagwe, abale. Sakudziwa ngati ndalondola, inenso sindikudziwa. Ndinayenda mpaka kumsewu osatha kuona bwino njira.

Mphindi zanga zatha. Mphepo yatembenuka kuyambira dzulo madzulo, ikuchokera kumpoto chakumadzulo, ndipo ikumveka yachinyontho. Nsawa zasendedwa, zili m'malichero awiri. Ikagwa yolowa m'nthaka kufika chikhatho chathunthu, tidzala m'mawa mwake. Ikapanda kugwa pofika Lachitatu, ndikawauza apongozi kuti ndinaphonya, ndipo uthengawo akanyamula ndi Esinati.